Funsani Anamwino: Tizilombo tosamva mankhwala m'wodi ya makanda

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi. Khanda labadwa masiku asanakwane, lagonekedwa ku nazale, kenaka latenga matenda ena konko, matenda oti jakisoni wa masiku onse sakuwagwira. Ndagwira ntchito m'wodi ya makanda kwa nthawi yaitali ndipo nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Ndasankhapo makalata asanu, ena ndawafupikitsa.

Anamwino, mwana wanga anabadwa mimba ili ndi miyezi 7, akulemera makilogalamu 1.4. Sabata yoyamba anali bwinobwino, mkaka umene ndinkafinya unkalowa. Tsiku lakhumi anangofooka. Madokotala akuti m'magazi mwake mwapezeka kachilombo kotchedwa Klebsiella ndipo sikakumva mankhwala. Asintha jakisoni kawiri. Ana ena awiri a m'chipinda chomwecho nawonso adwala. Kodi thupi la mwana wanga ndi limene likukana mankhwala? Kapena ndamupatsira ndine? Tulo sindikutiona. Mayi wa khanda

Pepani kwambiri, mayi. Ndiyambe ndi zimene zikukusowetsani tulozo. Thupi la mwana wanu silinakane mankhwala ayi. Chosamva mankhwala ndi kachilomboko. Akangopeza mankhwala amene iko kamawamva, agwira ntchito mwa mwana wanuyo monga mmene amagwirira mwa mwana wina aliyense.

Zoti mwamupatsira ndinu, ndikukayika kwambiri. Matenda a m'magazi amene khanda limatenga kwa mayi ake pobadwa amaonekera msanga, kawirikawiri m'masiku atatu oyambirira. Akayamba tsiku lakhumi, mwana ali m'wodi chibadwire, anzake awiri n'kudwalanso nthawi yomweyo, ife maso athu amapita m'wodimo, osati kwa mayi. Musadziimbe mlandu.

Klebsiella ndi mtundu wa mabakiteriya amene amakhala m'matumbo mwa anthu ambiri, ngakhale athanzi, osawadwalitsa. Amavuta akafika kumene sayenera kufika, makamaka m'magazi ndi m'mapapo. Kwa mwana ngati wanu polowera sipasowa. Khungu lake ndi lopyapyala moti pulasitala yomatira dripi ikachotsedwa mothamanga imasupula. Chitetezo chimene mayi amapatsira mwana ali m'mimba chimadutsa chambiri m'miyezi itatu yomaliza, ndiye wobadwa pa miyezi 7 amatuluka atangolandirako pang'ono. Pamwamba pa izo timamuika dripi mumtsempha, kachubu kodyetsera m'mphuno kapena m'kamwa, ndi timachubu ta okosijeni. Zimenezi ndi zimene zikumusunga ndi moyo, komabe paliponse pamene taboola khungu kapena kulowetsa kachubu, kachilombo kakhoza kudzerapo.

Tsopano za jakisoni wosinthasinthayo. Mankhwala oyamba amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kwa khanda loganiziridwa kuti lili ndi matenda a m'magazi ndi ampicillin kapena penicillin, pamodzi ndi gentamicin. Klebsiella samva ampicillin mwachibadwa chake, choncho chiyembekezo chonse chimatsamira pa gentamicin, ndipo Klebsiella wambiri wa m'zipatala masiku ano sakumumvanso. Madokotala amakwera n'kupita pa cefotaxime kapena ceftriaxone. Koma alipo Klebsiella amene amatulutsa timadzi totchedwa ESBL, timene timaphwanya mankhwalawa asanagwire n'komwe ntchito. Zikatero pamatsala meropenem. Nayenso alipo mabakiteriya amene amamuphwanya. Njira imodzi yotere imatchedwa NDM-1, ndipo inadziwika koyamba mu 2008 mwa wodwala wa ku Sweden amene anagonekedwapo m'chipatala ku New Delhi. Pano yafika m'mayiko ambirimbiri. Meropenem akalephera, nthawi zina timabwerera kwa colistin, mankhwala akale amene madokotala anali atawasiya chifukwa amavulaza impso. Choopsa china n'chakuti mabakiteriya amagawana mphamvu imeneyi kudzera m'tizidutswa ta DNA, chinthu chosunga chibadwa chawo, totchedwa plasmid, ngakhale atakhala a mitundu yosiyana.

Choncho madokotala sakungoyesa mwayi. Magazi a mwana amaikidwa m'kabotolo ku labotale kuti kachilombo kamere, ndipo zimatenga tsiku limodzi kapena awiri. Kenaka pamafunikanso tsiku lina loti ayese mankhwala amene angakaphe. Khanda silingadikire masiku onsewo, ndiye amayamba ndi mankhwala amene akuwaona kuti angathandize, zotsatira zikafika n'kusintha.

Madokotala akamayendera odwala m'mawa, musachite manyazi, funsani. Mankhwala amene akulandira panowa ndi ati, ndipo labotale yatsimikiza kuti kachilomboko kamawamva? Alandira masiku angati? Amuyeza madzi a pamsana kuti aone ngati matendawa afika ku ubongo? Dripi imene ili pa mkonoyo ikufunikabe? Funso lomalizali ndi lalikulu kuposa mmene likumvekera, chifukwa kachubu kalikonse kakatha ntchito kayenera kuchoka tsiku lomwelo.

Inunso muli ndi ntchito, chifukwa mumamuyang'ana nthawi yaitali kuposa ife. Khanda lobadwa masiku asanakwane likamadwala nthawi zambiri silitentha thupi, limazizira. Limatha kusiya kupuma kwa timphindi kenaka n'kuyambiranso. Kamimba kamatupa n'kumanyezimira. Tikakoka ndi sirinji pa kachubu kodyetsera timapeza mkaka wa nthawi yapita ukadali momwemo, mwina utasanduka wobiriwira. Khungu limatuwa kapena kuchita mawangamawanga, ndipo mukakweza kamkono kamangogwa kopanda mphamvu. Mukaona chimodzi mwa izi itanani namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Sindikubisirani, matendawa amapha. Koma ndaonapo makanda ochepa kuposa wanuyo akuchira, kunenepa n'kutuluka.

Anamwino, ine ndakwiya. Wodi imene muli mwana wathu amaikolopa m'mawa ndi madzulo, fungo la mankhwala limakulandira uli pakhomo. Nanga tizilomboti tikuchokera kuti? Ana anayi amwalira mwezi umodzi koma palibe wachipatala amene watiuzapo kanthu, tikungomva kwa makolo anzathu. Si kusasamala kumeneku? Bambo wokwiya

Bambo, mkwiyo wanu ndi womveka, ndipo pa nkhani yosakuuzani ndili kumbali yanu. Ndibwererako. Koma poyamba tione kumene tizilombo timadzera, chifukwa si pansi pokolopedwapo. Khanda siliponda pansi. Tizilombo timalipeza pa manja a anthu ndi pa zipangizo zimene zachoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake: choyezera kutentha thupi, sikelo, chopopera mamina, timachubu ta okosijeni totsukidwa mwachangu, botolo limodzi la mankhwala kapena thumba limodzi la madzi a dripi limene akutapamo kuti apatse ana angapo. Timakondanso malo onyowa, makamaka masinki ndi mipopi.

Izi sizichitika m'zipatala zosowa zinthu zokha ayi. Ku Northern Ireland, kumapeto kwa 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012, makanda anayi anamwalira ndi kachilombo kotchedwa Pseudomonas, kamene mwachibadwa sikamva mankhwala ambiri. Atafufuza anakapeza m'kati mwa mipopi yosambira m'manja ya m'wodi momwemo. Ku Oklahoma City ku America, mu 1997 ndi 1998, makanda 46 anatenga Pseudomonas ndipo 16 anamwalira. Ofufuza anapeza mitundu yomweyo ya kachilomboko pa manja a anamwino awiri, wina wa zikhadabo zazitali, wina wa zikhadabo zomata. N'chifukwa chake m'wodi ya makanda sitilola zikhadabo zazitali, mphete, wotchi ngakhale malaya a manja aatali. Ku Cambridge ku England mu 2011, kachilombo kosamva mankhwala kotchedwa MRSA kanafala pakati pa makanda. Wodi inatsukidwa yonse, koma patapita miyezi iwiri mwana wina anapezekanso nako. Atayeza ogwira ntchito oposa 150 anapeza mmodzi amene ankayenda nako osadziwa, osadwala. Anamupatsa mankhwala, mliriwo unathera pomwepo.

Koma chimene ine ndimachiona kuti chimapha ana ambiri ndi kuthithikana. Pa chipatala cha Tembisa ku South Africa makanda 10 anamwalira mu November ndi December 2019 chifukwa cha Klebsiella wosamva mankhwala amphamvu ngati meropenem, ndipo akuluakulu a zaumoyo anavomera kuti wodi ya mabedi 44 inkagoneka makanda pafupifupi 90. Taganizani namwino mmodzi usiku, ana amene akuwayang'anira ndi ochuluka kuposa mmene angathere, ena agona awiri pa kabedi kamodzi. Ali m'kati mosintha thewera, makina a mwana wapakona ayamba kulira kuti wasiya kupuma. Kupaka sanitaiza bwinobwino kumafuna masekondi 20 mpaka 30, kusamba ndi sopo 40 mpaka 60. Namwinoyo amathamanga, amapulumutsa mwanayo, koma Klebsiella wa m'thewera lija wapita naye. Sindikunena izi kuti ndikhululukire wina aliyense. Wosasamba m'manja chifukwa cha ulesi alipo, ndipo ayenera kudzudzulidwa. Koma kulanga namwino mmodzi n'kusiya wodi ili yodzaza, mipopi ili youma, sanitaiza atatha, n'kungodikira maliro ena.

Chipatala chikazindikira kuti ana angapo adwala kachilombo kamodzi, pali zimene chiyenera kuchita mosazengereza. Makanda onse ayezedwe, ngakhale ooneka athanzi, chifukwa ena amakhala nako m'matumbo osadwala. Amene ali nako aikidwe mbali yawoyawo, ndi anamwino awoawo komanso zipangizo zawozawo. Masinki, mipopi ndi madzi a m'makina a okosijeni ziyezedwe. Ngati kungatheke, wodiyo isiye kaye kulandira ana atsopano. Ndipo makolo auzidwe. Kubisa sikuteteza mwana aliyense. Pitani kwa mkulu wa wodi kapena wa chipatala, makolo angapo pamodzi, mukafunse mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti kachilomboko ndi kati, ana angati ali nako, ndipo achitapo chiyani. Mukaona wina akufuna kugwira mwana wanu asanapake sanitaiza, kaya ndi dokotala wamkulu, mukumbutseni. Wodziwa ntchito yake sakwiya nazo.

Anamwino, mdzukulu wanga ali ku nazale ndipo ife atiletsa kulowa, akuti kwagwa matenda. Amalowa ndi mayi ake okha. Ine ndikuti naye asamalowe, angamudwalitse mwanayo, aziwasiyira anamwino. Ndikulakwa? Agogo

Agogo, pokuletsani inuyo achita bwino, pepani. Munthu aliyense wolowa amabwera ndi manja awiri, foni ndi zovala, ndipo m'wodi mukakhala mliri anthu ayenera kuchepa. Mdzukulu wanu mudzamunyamula akatuluka.

Koma mayi ake musawaletse. Mayi si mlendo m'wodi ya makanda, ndi gawo la chithandizo. Mkaka wawo, makamaka woyamba wachikasu uja, uli ndi chitetezo chimene sitingachipeze m'botolo lililonse, ndipo umachepetsa matenda oopsa otupitsa ndi kuwoletsa matumbo amene amagwira makanda obadwa masiku asanakwane. Kumufungatira mwana pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, kumene timakutcha kangaru, kumamutenthetsa ndiponso kumachititsa kuti khungu ndi matumbo ake zidzale ndi mabakiteriya a mayi ake, m'malo mwa a m'wodi. Komanso mwana amene ali pachifuwa pa mayi ake sagwidwagwidwa ndi manja ambiri.

Kale tinkadikira kuti mwana alimbe kaye ndiye ayambe kangaru. Kafukufuku amene anachitika ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, n'kutuluka mu 2021, anayang'ana makanda olemera kuyambira kilogalamu imodzi mpaka pafupifupi 1.8. Amene anayamba kangaru atangobadwa, ngakhale ali pa okosijeni ndi dripi, imfa zinachepa ndi 25 peresenti poyerekeza ndi amene anadikiritsidwa, ndipo matenda a m'magazi nawonso anachepa. Mu 2022 WHO inasintha malangizo ake n'kunena kuti kangaru iziyamba nthawi yomweyo. Ntchito yanu, agogo, ikhale yowasamalira mayiwo kunjaku kuti azidya, azipuma, mkaka uzituluka. Muwakumbutse kuwenga zikhadabo, kuvula mphete, kusamba m'manja mpaka m'zigongono asanalowe ndiponso asanafinye mkaka, kusiya foni m'chikwama, ndi kusagwira mwana wa mnzawo ngakhale akulira chotani. Amenewo aziwaitanira namwino.

Anamwino, ndine wophunzira unamwino ndipo ndangoyamba kumene m'wodi ya makanda. Ngati ampicillin ndi gentamicin sakugwiranso ntchito kwa ana ambiri, bwanji osangopereka meropenem kwa mwana aliyense akangolowa? Komanso ine ndimavala magulovu nthawi zonse, ndiye kusamba m'manja pafupipafupi n'kofunikabe? Wophunzira

Mng'ono wanga, funso lako loyamba limabwera m'mutu mwa aliyense amene waonapo khanda likumwalira lili pa jakisoni wosagwira. Koma yankho lake ndi ayi. Antibayotiki aliyense amene timapereka amapha mabakiteriya omumva n'kusiya osamumva. Zili ngati kupalira m'munda n'kuzula udzu wofewa wokhawokha: wouma mutu uja umatsala ndi munda wonse. Ukapereka meropenem kwa wodi yonse, posakhalitsa m'matumbo mwa anawo, m'masinki ndi pa manja athu mutsala okhawo osamva meropenem, ndipo tsiku limene mwana adzamufunedi sadzathandiza. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza za kusamva mankhwala kumeneku mu 1945 polandira mphoto ya Nobel. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 mabakiteriya osamva mankhwala anapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse, ndipo mmodzi mwa asanu alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu.

Mwanayo payekha amavulalanso. Maantibayotiki amphamvu operekedwa nthawi yaitali kwa khanda limene silikudwala amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo, n'kutsegulira njira matenda a mafangasi otchedwa Candida ndi matenda owoletsa matumbo aja. Luso lenileni lili pa kudziwa nthawi yosiya. Tenga magazi opita ku labotale usanabaye jakisoni woyamba. Ngati patatha maola 36 mpaka 48 palibe chimene chamera, mwana akuyamwa, akupuma bwino, kumbutsa dokotala kuti aone ngati mankhwalawo akufunikabe. Ana ambiri amapitiriza jakisoni sabata yathunthu chifukwa choti palibe amene anafunsa.

Sindikunena kuti ampicillin ndi gentamicin ndi okwanira kulikonse. Kafukufuku wotchedwa NeoOBS, wa makanda oposa 3,200 m'zipatala 19 za m'mayiko 11, amene anatuluka mu 2023, anapeza kuti madokotala ankapereka maantibayotiki m'kaphatikizidwe koposa 200 kosiyanasiyana. Izi zikusonyeza mmene malangizo akale atsalira m'mbuyo. Wodi iliyonse iyenera kudziwa tizilombo take ndi mankhwala amene timamva, kuchokera ku zotsatira za labotale yake, n'kusankha mankhwala oyambira potengera zimenezo. Wodi ya makanda yopanda labotale yodalirika imagwira ntchito mumdima, ndipo ine ndimaona kuti ndalama zogulira timabotolo toyezera magazi n'zofunika mofanana ndi zogulira makina othandiza kupuma.

Za magulovu, apa ndikudzudzule pang'ono. Magulovu amene wavala kuyambira m'mawa amateteza iweyo, koma amanyamula tizilombo kuchoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake monga manja osasamba. Vala pamene ukugwira magazi, chimbudzi kapena mamina, uvule ukangomaliza, upake sanitaiza. Upakenso usanagwire mwana, usanagwire dripi kapena kachubu, utatha kumugwira, ndiponso utagwira kabedi kake kapena makina ake. Pa doko la dripi pobayira jakisoni pukutapo ndi sipiriti, udikire paume, usanalowetse sirinji. Mu 1847 ku Vienna, dokotala wina dzina lake Ignaz Semmelweis analamula madokotala kusamba m'manja m'madzi a chlorine asanagwire amayi obereka, ndipo imfa zinatsika kwambiri pa miyezi yochepa, maantibayotiki kulibe n'komwe. Kachilombo kosamva meropenem kamafabe ndi sanitaiza pa dzanja lako.

Anamwino, tatuluka, mwana wachira. Koma pa kalata yotulukira alemba kuti akadali ndi kachilombo kosamva mankhwala m'matumbo. Kodi adwalanso? Apatsira abale ake? Ndigule mankhwala oti kathe? Mayi woyamikira

Ndakondwera nanu, mayi. Kukhala ndi kachilomboko m'matumbo si kudwala. Ana ambiri otuluka ku nazale amakhala nako kwa miyezi, ndipo kawirikawiri kamachepa kokha pamene mwana akukula, akuyamwa, mabakiteriya abwino akuchuluka. Musagule antibayotiki aliyense woti akachotse. Sangakachotse, angopha abwinowo n'kukasiyira malo. Abale ake athanzi sikawirikawiri kudwala nako. Sambani m'manja ndi sopo mukasintha thewera ndiponso musanamuyamwitse, ndipo matewera ake azichapidwa kapena kutayidwa paokha.

Kalatayo isungeni bwino. Mwana akadzadwala n'kupita ku chipatala chilichonse, ionetseni msanga, chifukwa idzathandiza dokotala kusankha mankhwala oyenera kuyambira tsiku loyamba komanso kuteteza ana ena a m'wodimo. Thamangirani ku chipatala, usana kapena usiku, ngati wasiya kuyamwa, akukomoka, akupuma mothamanga kufika ka 60 pa mphindi imodzi, m'chifuwa mukulowa m'kati akamapuma, thupi latentha kufika madigiri 37.5 kapena lazizira kutsika pa 35.5, sakutakataka pokhapokha mutamugwedeza, pamchombo pafiira kapena pakutuluka mafinya, kapena m'manja ndi kumapazi kwachita chikasu. Pitirizani kangaru kunyumba mpaka iye mwini atayamba kukana, ndipo tsiku la sikelo limene anakulemberani musaliphonye.